Mano a Raili Amagona m'Kapu

Göteborg, 9 Malichi 1992

Wokondedwa Raili,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, pamodzi ndi alamu anga a Tauno ndi ng'ombe zanu zonse khumi ndi ziwiri. Chidutsireni Khirisimasi sunandilembere. Ine ndilipo, ndikadali pa ntchito yanga yochapa nsalu za m'chipatala, koma ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere. Uwerenge mpaka kumapeto, usaitsamiritse pawindo ngati ija ya chaka chatha.

Mu Januwale dzino langa la kumapeto linang'aluka ndikudya buledi wouma. Dokotala wa mano atandiyang'ana m'kamwa anaitana mnzake kuti adzaone. Akuti mano anga onse anatha pamwamba ngati mwala wonolerapo mpeni. Anandifunsa ngati ndimakukuta mano kutulo. Ndinati ndingadziwe bwanji, poti chimwalirireni mwamuna wanga Olavi ndimagona ndekha. Kenako ndinakumbukira kuti tili ana mayi ankati bedi lathu limalira ngati mphero, ndipo sankadziwa kuti adzutse uti mwa awirife.

Ananditumiza kwa anthu ena omwe akuchita kafukufuku wa okukuta mano. Mkulu wawo ndi Dokotala Ahlgren, mtsikana wa msinkhu wa mwana wako Marjut. Ndinagona kwawoko tsiku limodzi atandimata mawaya m'mutu, m'masaya ndi pachifuwa. Zomwe anapeza ndinazilemba m'kope kuti ndisaphonye. Mano ndimakukutadi. Magazi anga akuthamanga kwambiri. Koma chachikulu n'chakuti ndikagona ndimaleka kupuma, ka 31 pa ola limodzi, nthawi zina mpaka masekondi 40. Akuti mwa anthu okukuta mano omwe awayeza, ambiri awapezanso ndi zimenezi, ngakhale sanadziwebe kuti chimayambitsa chinzake n'chiti. Akuti kuleka kupuma koteroko kukakhalitsa kumatopetsa mtima, ena mpaka amachita sitiroko.

Nditatchula kuti ndife mapasa, ofanana mpaka abusa ankatisokoneza, anasiya cholembera pansi. Anati, "Mayi Koskela, bwanji simunanene? Anthu ngati inu timachita kuwasaka." Akutumizira fomu ya mafunso. Uiyankhe ndi bolopeni, osati pensulo.

Ndikudziwa kuti iwe mano sakuvuta. Unali ndi mwayi chaka chija tinalandira mgonero woyamba, pomwe atsikana onse a kwathu ankazulidwa mano n'kuikidwa oikirira kuti amuna odzawakwatira asadzavutike ndi za madokotala. Bambo anagulitsa thole, linakwanira mwana mmodzi, ndipo mwanayo anali iwe. Ine ndinatsala ndi angawa, lero ndi awa akundizunza. Komabe thupi lathu ndi limodzi. Undiyankhe izi: kodi umadzuka mutu ukupweteka? Kukamwa kumauma m'mawa? Umawodzera masana?

Ine mkulu wako,
Terttu


Siikavaara, 2 Epulo 1992

Mkulu wanga wa mphindi makumi awiri,

Moni wa kuno. Tilipo, chipale sichinayambe kusungunuka ndipo Kielo wabereka thole lamphongo, lachitatu motsatizana, Tauno akuti ng'ombe imeneyi imatichitira dala.

Fomu ya dokotala wakoyo inafika, masamba asanu ndi limodzi, pepala labwino zedi. Funso loyamba linali lakuti, kodi muli ndi mano anuanu angati? Ndinalemba ziro. M'munsi mwake analemba kuti ngati mulibe mano musapitirize, bwezani fomuyi. Ndiye ndinabweza tsiku lomwelo. Sindinakhozepo mayeso mwachangu chotere.

Terttu, mano anga amagona m'kapu pawindo. Ngati amakukutana m'madzimo ndiye ndi nkhani yawo. Ndinamufunsa Tauno ngati amandimva usiku. Anati, "Ukuti chiyani?" Ndinabwereza mokuwa ku khutu lake labwino lija. Anati, "Iwe ukagona umangoti zii, nthawi zina ndimayesa ndatsala ndekha." Waona? Ndimagona bwino kuposa iwe wa m'tauni.

Mutu umapweteka m'mawa, inde. Ndani sudzamupweteka akudzuka faifi koloko kwa zaka makumi atatu? Ndikamwa makapu awiri a khofi umaleka. Za kuwodzera, sabata yatha ndinagona nditatsamira pamimba pa Pilvi makina akukama, ndinadzidzimuka atandimenya ndi mchira. Tauno anaseka mpaka kukhala pa ndowa. Ndi ukalamba basi, ndipo wayambira kwa iwe ndi mphindi makumi awiri.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Marjut akukwatiwa pa 22 Ogasiti ku Tampere, ndi mnyamata wake wa magalasi uja. Tipita tonse awiri, masiku asanu, koyamba kuchoka limodzi chikwatiraneni. Ubwere. Ukandigulireko nsalu ya buluu woderako, mamita atatu, ya kwanuko ndi yabwino.

Mng'ono wako,
Raili


Göteborg, 15 Epulo 1992

Raili,

Moni. Nsalu ndagula, mamita atatu ndi theka chifukwa imafupika ikachapidwa. Ifika payokha.

Kalata yako sinandiseketse. Ndinapita nayo kwa Dokotala Ahlgren pa 13. Ndinadikira ola limodzi ndi mphindi khumi pakhonde popeza ndinalibe tsiku loonana naye. Atatuluka anati fomu yako anaiona, ndipo n'zachisoni kuti sungalowe m'kafukufuku wawo chifukwa iwo amayeza kutha kwa mano. Ndinati, "Adokotala, mano anachotsedwa, koma nsagwada ilipo, mmero ulipo." Kenako ndinamuwerengera zija za mutu ndi za Pilvi, ndi mawu a alamu akuti umangoti zii. Pamenepo anandilowetsa mu ofesi n'kutseka chitseko.

Anati, "Inuyo mano ndi amene anakuuzani. Mbale wanuyo alibe chomuuza." Akuti iye sangakuyeze uli dziko lina, ndiponso sangalumbire kuti uli ndi vuto langali. Koma akanakhala mbale wake akanamutumiza lero lomwe kuti akayezetse magazi, ndi kupempha kalata yokagona tsiku limodzi ku chipatala chachikulu cha ku Oulu kuti akaone kapumidwe kake.

Ine anandipatsa kapulasitiki kovala kumano ndi makina opopera mpweya m'mphuno. Ndimaoneka ngati thole lomangidwa pakamwa, koma papita masiku 19 mutu osandipweteka.

Ndaikamo kapepala kena ka alamu. Ndawalembera kuti tsiku lina asagone, akhale ndi wotchi m'manja, akaona kuti wati zii awerenge masekondi n'kulemba. Ndajambula mizere kale, iwo angodzaza. Usakabise.

Mwayi wa mano unaupeza uli mwana, usaulole ukupusitse lero.

Terttu


Göteborg, 20 Meyi 1992

Raili,

Moni. Masabata asanu tsopano. Nsalu inafika? Ndinaimba foni Lamlungu lapitali ndi la dzana lake, sikisi koloko madzulo, ndinaiwala kuti ndi nthawi yokama. Ndinaimbanso naini, alamu anayankha n'kunena kuti wagona kale. Ndinawafunsa za kapepala kaja, iwo anandiuza za mtengo wa feteleza. Kaya sanamve kaya sanafune kumva.

Makalata anga onse ndimalemba ndi kaboni, ndiye ndawerenganso ya pa 15 Epulo katatu. Sindikuona pomwe ndinalakwa. Undilembere ngakhale mizere iwiri.

Terttu


Siikavaara, 14 Juni 1992

Terttu,

Moni. Nsalu inafika, zikomo, diresi ndadula kale. Tinali kubzala mbatatesi ndi kutulutsa ng'ombe kubusa, n'chifukwa chake ndinali chete. Chifukwa china uchimva m'munsimu.

Kuti usiye kundilondola ngati ng'ombe yotsala pang'ono kubereka, ndinapita ku chipatala chathu chaching'ono. Namwino anandiyeza kawiri, kenako anaitana dokotala. Magazi akuthamangadi, andipatsa timapiritsi toyera, ndikumwa ndikakumbukira. Dokotalayo analembanso kalata ku Oulu, ndipo iwo anayankha msanga kuti ndikagone kumeneko pa 7 Julayi.

Iwe unachoka kuno kalekale, koma sunaiwale kuti pa 7 Julayi kumakhala chiyani. Ndi pakati penipeni pa kumweta udzu. Tauno amakhala pa thirakitala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litatsamira pa mitengo, ng'ombe zonse zimakhala zanga. Kupita ku Oulu ndi kubwera ndiye kuphonya kukama katatu. Masiku ano khonsolo imatipatsa masiku owerengeka pa chaka oti wogwirizira wawo adzatikamire ife tikupuma. Athu a chaka chino ena anapita pa maliro a achimwene ake a Tauno, asanu otsalawo ndi a ukwati wa Marjut. Sindingachotsepo ngakhale limodzi kuti ndikagone pa bedi la eni mawaya ali m'mutu. Alipo wogwirizira wina wa anthu odwala, koma ameneyo ndi wa othyoka miyendo ndi ochitidwa opaleshoni. Ine ndimanyamula zidebe ziwiri nthawi imodzi. Ndikapemphe wa odwala kuti mudzi wonse uziti mkazi wa Tauno akudwala tulo? Ndinawaimbira a ku Oulu, tsikulo apatsa wina, langa alikankhira pa 20 Okutobala. Nkhani yatha.

Kapepala ka mizere kaja ndinamupatsa Tauno. Anakaika m'thumba la jekete, sanatchulenso.

Tsopano chinacho. Kawiri konse wandilembera za mwayi wanga. Zaka zonsezi ndimangokusiya chifukwa ndimaona kuti unaikonza nkhaniyi mpaka unayamba kuikhulupirira. Dzina lomwe bambo analembetsa kwa dokotala wa mano uja linali lako, poti ndiwe wamkulu. M'mawa wa tsikulo unasowa. Bambo anali atamanga kale hatchi kungolo, anakuitana mpaka mawu anasasa. Ine ndinkadziwa kuti uli m'nkhuti ya mbatatesi, kuseri kwa matumba, chifukwa ndinakuona ukulowa. Sindinanene. Bambo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kwera iwe, nkhope ndi imodzi, thole lapita kale." Dokotala ankandiitana Terttu masiku awiri onse. Anazula 28, ndipo panalibe lobowoka ngakhale limodzi. Pobwerera ndinkalavulira m'mpango wa mayi mpaka unafiira wonse. Iwe akuti unatuluka madzulo uli ndi dothi m'tsitsi, n'kuyamba kulira kuti akukondera ine.

Sindikukuda. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, iwenso chimodzimodzi. Koma chiyambire tsikulo sindinalumepo apulo, ndipo mwamuna wanga sanandionepo ndikuseka m'mawa ndisanafike pawindo. Ndiye mawu oti mwayi usandilemberenso.

Ku ukwati ubwere ndithu.

Raili


Göteborg, 23 Juni 1992

Wokondedwa Raili,

Kalata yako ndinailandira Lachisanu. Ndalemba mayankho anayi n'kuwang'amba.

Ndikukumbukira fungo la matumba aja. Ndikukumbukira kuti ndinamva ngolo ikunyamuka ndipo ndinadziwa kuti sikupita yopanda munthu. Zonse wanenazo n'zoona. Kwa Olavi, kwa anzanga a kuntchito, ngakhale kwa Dokotala Ahlgren, ndakhala ndikunena kuti bambo anasankha iwe. Undikhululukire ngati ungathe. Ngati sungathe, undimvere chabe pa ichi.

Tchuthi changa chiyamba pa 4 Julayi, masabata anayi. Ndinasunga awiri kuti akhale a ukwati, koma ndikhoza kubwera pa 5. Uwaimbirenso a ku Oulu akubwezere tsiku lako lija, kapena lina lililonse mu Julayi. Ng'ombe ndikama ine. Ndikudziwa kuti ndinachoka kumeneko nthawi ya kukama ndi manja, koma undionetsa makinawo kawiri, ine ndilemba ndondomeko yake m'kope. Makina ochapira a kuno ndi aakulu kuposa khola lanu ndipo sindinaonongepo nsalu ya munthu.

Mapiritsi uzimwa tsiku ndi tsiku. Uwaike pafupi ndi kapu ija, sungaiwale.

Terttu


Siikavaara, 1 Julayi 1992

Terttu,

Moni. Usalire, ndakuona kuti umalira, inki yafalikira pa mzere wachitatu. Ndinaimba ku Oulu chifukwa cha iwe. Julayi yense ndi wodzaza ndipo theka la anthu awo ali patchuthi. Okutobala si kutali. Usaononge tchuthi chako, ndiponso Kielo salola mlendo, angakuthyole mano otsalawo.

Diresi latha, latsala mpendero. Ukabwera tidzajambulitse tonse awiri, tione ngati mkamwini angatisiyanitse. Udzavale buluu.

Udzu wa chaka chino ndi wabwino. Ndatopa, ndikagone.

Raili


Siikavaara, 9 Ogasiti 1992

Alamu,

Moni. Ndine Tauno. Pafoni paja sindinathe kulongosola, ndiponso sindimva bwino. Ndiye ndalemba. Mukhululuke pensulo.

Zinachitika Lachiwiri pa 28 Julayi. Udzu tinali titamaliza Loweruka. Ndinadzuka faifi, iye sanadzuke. Ndinati mlekeni apumeko, ndinapita kukhola ndekha. Nditabwerako hafu pasiti seveni ndinamupeza pansi pambali pa bedi, maso ali otsegula. Ambulansi inatenga ola kuti ifike.

Ali ku Oulu. Ali moyo. Dzanja ndi mwendo wa kumanja sizigwira. Pakamwa papotoka. Amamva zonse, mukamufunsa amafinya dzanja, koma mawu satuluka. Akuti ndi sitiroko. Akuti mwina mawu ena adzabwerera, mwina ayi. Anamwino akuti akagona amaleka kupuma kawirikawiri, amuika makina ngati anu aja. Mmodzi anandifunsa ngati sindinkaona. Sindinayankhe.

Kwa inu ndiyankha. Kapepala kanu ka mizere ndinakagwiritsa ntchito kamodzi, kumapeto kwa Meyi, poti nthawi imeneyo kuno kunja sikuda ngakhale usiku ndipo wotchi imaoneka. Ndinaona nsagwada yake ikuyenda uku ndi uku ngati ng'ombe yobzikula, popanda phokoso lililonse. Kenako chifuwa chinaima. Ndinawerenga mpaka 44. Kenako anabanika ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kuyambanso. Ndinadzaza mizere isanu ndi inayi, ndinaleka chifukwa ndinachita mantha. M'mawa ndinati ndimuuze, koma anali kuimba akusefa mkaka, ndipo ndinaganiza za udzu. Ndinati ndidzanena tikamweta. Zii ameneyu ndakhala naye zaka zambiri, ndinkati ndiye tulo tabwino.

China ndi ichi. Tsiku lomwe Raili anagwa lija, masana, khonsolo inatumiza wogwirizira wa odwala, mayi wina wochokera kutsidya kwa mtsinje. Akukama mpaka pano. Tikumwa khofi anaona kalata ya ku Oulu ija pakhoma, ya pa 7 Julayi, Raili anali ataikhoma pamsomali wa kalendala. Anaiwerenga n'kunena kuti, "Bambo, bwanji simunabwere nayo ku ofesi? Ndi pepala ili tikanakutumizirani munthu masiku awiri, osakhudza a ukwati aja." Ndinati sitinkadziwa kuti kukayezedwa amakuwerengera ngati kudwala. Anati, "Munafunsa?" Sitinafunse. Kwathu kuno munthu woyenda ndi miyendo yake sapempha wa odwala, inu mukudziwa.

Marjut anabwera, wabwerera kuntchito. Ukwati auimitsa. A chipatala akuti kumapeto kwa mwezi uno akhoza kumutulutsa ngati pakhomo pali munthu womuyang'anira usana wonse ndi womumvetsera akagona. Ine ndili ndi ng'ombe ndi khutu limodzi. Apo ayi amupititsa ku nyumba ya okalamba ku boma. Ali ndi zaka 54. Sindikupempha kanthu, ndikungokuuzani momwe zilili.

Mano ake sakulowanso m'kamwa chifukwa cha kupotokako. Ndinapita nawo, anatembenukira kukhoma, ndinabwera nawo. Ali m'kapu pawindo. Madzi ndikusintha m'mawa uliwonse, sindikudziwa kuti ndichite nawo chiyani.

Tauno


Göteborg, 14 Ogasiti 1992

Wokondedwa Raili,

Moni mng'ono wanga. Kalata ino ndalemba zilembo zikuluzikulu kuti uwerenge wekha. Ngati maso atopa, alamu akuwerengere, koma aziwerenga pang'onopang'ono.

Ntchito ndasiya. Kapitawo anati ndiganize kaye sabata imodzi, ndinamuuza kuti ndaganiza kale. Nyumba ndibweza pa 31. Katundu wanga ndi masutikesi awiri, makina anga opumira, ndi kope. Ndinapita kukatsanzika kwa Dokotala Ahlgren popeza sinditha kumaliza kafukufuku wawo. Nditamuuza za iwe anati funso loyamba lija pa fomu yawo aliganiziranso. Anandilembera papepala momwe ndingasamalire makina ako ndi zomwe ndiyenera kumvetsera ukagona. Ndakopera kawiri.

Ku nyumba ya okalamba supita. Alamu atulutse bedi laling'ono lija la Marjut aliike m'chipinda mwako, mbali ya kumanzere, komwe dzanja lako likugwira. Iwo azigona pabalaza, akufunika tulo chifukwa cha ng'ombe. Tinagona bedi limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kapumidwe kako ndimakadziwa. Phokoso la mano anga ulipirire, kapulasitiki kaja kamachepetsa koma sikathetsa.

Diresi usadere nkhawa, mpendero ndidzamaliza ine. Mano asawataye. Ndafunsa kuno, akuti pakamwa pakakhazikika amatha kuwakonza kapena kupanga ena. Kufikira tsikulo madzi ndizisintha ndine.

Dzina lomwe linali pa pepala la dokotala uja linali langa. Papita zaka 39 chiitanireni bambo pabwalo paja, ndipo ndi lero pomwe ndikutuluka m'nkhutimo.

Basi ifika pa mphambano Lachiwiri pa 1 Seputembala, teni pasiti faifi madzulo. Alamu asabwere kudzandichingamira, ndi nthawi yokama. Njira ndikuidziwa.

Terttu